Kutsata mapazi a Richard ndi Linda Thompson m'misewu ya London

Lolemba

Ndanyamuka ku Leicester m'bandakucha pa basi yopita ku London, ndipo masiku akubwerawa ndikhala ndikuyendera malo amene anthu awiri omwe sindinawaonepo ndi maso, Richard Thompson ndi Linda Thompson, anakulirako, kuimbirako ndi kujambulirako nyimbo zawo. Awiriwa anali banja kuyambira mu 1972 mpaka mu 1982, ndipo pa zaka 10 zimenezo anatulutsa zimbale 6 za nyimbo za mtundu umene kuno amautcha folk-rock, kutanthauza nyimbo zotsamira pa maimbidwe a makolo a ku Britain koma zoimbidwa ndi magitala amagetsi ndi ng'oma za bandi.

Ndinawadziwira kuntchito. Ndimasamalira okalamba, ndipo agogo ena aamuna amene ndimawathandiza kusamba ndi kuvala ali ndi galamafoni m'chipinda mwawo pamodzi ndi bokosi la zimbale zakale. Madzulo ena ndikuwayalira pabedi anaika chimbale china, ndipo mawu a mkazi amene anamveka m'chipindamo anandiimitsa chilili, bulangete lili m'manja, mpaka nyimbo inatha. Mkaziyo sankakuwa kapena kunjenjemeretsa mawu kuti omvera amumvere chisoni, ngakhale kuti ankaimba za mtsikana amene maloto ake onse anafota. Ankangoyala nkhaniyo mmene inalili, ngati mboni yoima pabwalo la mfumu. Kuyambira tsiku limenelo agogowo akhala akundiuza mbiri ya oimbawa pang'onopang'ono, ndipo nditakawatsanzika anandituma chinthu chimodzi chokha, choti ndikafika ku Chelsea ndikawaonere ngati ng'ombe ija idakalipo.

Basi yathu yadzera mumsewu waukulu wa M1, ndipo titayandikira London ndinakhala tcheru kuti ndione malo opumirapo apaulendo amene masiku ano amatchedwa London Gateway koma kale ankatchedwa Scratchwood. Pafupi ndi pamenepo, m'bandakucha wa pa 12 Meyi 1969, galimoto imene inanyamula bandi ya Fairport Convention, mmene Richard ankaimba gitala, pochokera kokaimba ku Birmingham inachoka mumsewu n'kugubuduzika, woyendetsa atagwidwa ndi tulo. Pangoziyo anamwalira Martin Lamble, woimba ng'oma wa zaka 19, pamodzi ndi Jeannie Franklyn, yemwe anali chibwenzi cha Richard. Richard mwiniwake anali atangokwanitsa zaka 20. Pawindo ndangoona udzu, mipanda ndi magalimoto othamanga, ndipo m'kanthawi kochepa tinali titadutsa, koma ndikukhulupirira kuti munthu sangamvetse nyimbo zimene mnyamatayo analemba pambuyo pake ngati sanayambire pamsewu umenewu.

Ndatsikira ku Golders Green, kumene bandiyo inaimba koyamba pagulu mu Meyi 1967 muholo ya tchalitchi, kenako ndakwera basi nambala 102 mpaka ku Fortis Green, kufupi ndi Muswell Hill. Kumeneku kuli nyumba yotchedwa Fairport, imene inali ya banja la Simon Nicol, mmodzi wa oimba a m'bandiyo, ndipo anyamatawo ankaphunziriramo kuimba mpaka anatengera dzina la nyumbayo. Ndaima tsidya lina la msewu mphindi zochepa n'kupitirira, popeza ndi pakhomo pa anthu. Richard anabadwira ku Notting Hill mu 1949. Bambo ake anali wapolisi wofufuza milandu wochokera ku Scotland amene ankakondanso gitala, choncho mwanayo anakula akumva Django Reinhardt ndi Les Paul mbali imodzi, ndipo mbali ina akodiyoni ya Jimmy Shand ndi zitoliro za ku Scotland zija zokhala ndi thumba la mphepo. Zitoliro zimenezi zimamveka m'gitala yake mpaka lero, chifukwa amasiya nsambo imodzi ikulira liwu lomwelomwelo pansi pamene zala zina zikuyendetsa nyimbo pamwamba.

Lachiwiri

Lero ndathera tsiku ku Cecil Sharp House, nyumba ya njerwa imene ili pa Regent's Park Road, pamtunda woyenda pansi kuchokera ku Camden Town. Inatsegulidwa mu 1930 ndipo ndi likulu la bungwe losunga nyimbo ndi magule a makolo a ku England. Cecil Sharp anayamba mu 1903 kuzungulira m'midzi ya ku Somerset akulemba nyimbo zimene nkhalamba zinkamuimbira, ndipo kenako anakachita zomwezo m'mapiri a Appalachia ku America. Nditakhala pansi m'laibulale ya m'nyumbayi ndinakumbuka Hugh Tracey, amene m'zaka za m'ma 1950 anayenda m'midzi ya kwathu ndi makina ake akujambula nyimbo za bangwe, za kalimba ndi zapamtondo. Ntchito ya anthu awiriwa ndi yofanana, ndipo vuto limene imasiya ndi lofanananso, loti nyimbo ikatsekeredwa m'kabati pamafunika munthu wina wodzaitulutsa kuti iimbidwenso.

Kuno amene anaitulutsa anali achinyamata opulumuka pangozi aja. Poyamba a Fairport Convention ankaimba kwambiri nyimbo za ku America, makamaka za Bob Dylan ndi Joni Mitchell, koma ngozi itachitika sanafunenso kubwerera ku nyimbo zimene ankaimba ndi mnzawo womwalirayo. Panthawi yomweyo anali atamva chimbale choyamba cha gulu la The Band, cha mu 1968, chimene chinazikidwa kwambiri pa maimbidwe akale a ku America, ndipo anazindikira kuti sangapose eni ake pa zinthu zakwawo. Ashley Hutchings, woimba gitala ya besi, anayamba kubwera m'nyumba ino kudzafukula nyimbo zakale. Sandy Denny, amene analowa m'bandiyo mu 1968, ankazidziwa kale zambiri. Anachita lendi nyumba ku Farley Chamberlayne m'dera la Hampshire, anaitana Dave Swarbrick ndi vayolini yake ndi Dave Mattacks woimba ng'oma, ndipo mu Disembala 1969 anatulutsa *Liege & Lief*, chimbale chimene ambiri amati ndicho chinatsegula njira ya folk-rock ya ku Britain.

Amene amaganiza kuti nyimbo zamakolo za Angelezi ndi za maluwa ndi mbalame ayenera kumvera chimbale chimenechi. Muli nyimbo yakale ya mkazi wa bwana amene anakopa mnyamata wamba, bwanayo n'kuwapeza ali limodzi, kuwapha onse awiri, kenako n'kulamula kuti awaike m'manda amodzi koma mkazi akhale pamwamba chifukwa anali wa banja lapamwamba. Woimba safotokoza amene analakwa ndipo satonthoza womvera. Umenewu ndi mwambo umene Richard anautenga pamene anachoka m'bandiyo kumayambiriro kwa 1971 kuti azikalemba nyimbo zake. Anali ndi gitala ndi luso lolemba, koma mawu ake oimbira panthawiyo anali asanakhwime, ndipo chimbale chake choyamba cha mu 1972, *Henry the Human Fly*, sichinagulidwe kwenikweni.

Lachitatu

M'mawa ndapita ku Troubadour, malo omwera khofi amene ali pa Old Brompton Road ku Earl's Court ndipo akhalapo kuyambira mu 1954. M'mawindo ake mwandandalikidwa maketulo akale a khofi amitundumitundu, ndipo pansi pake pali chipinda choimbiramo chimene ngakhale Bob Dylan anaimbamo asanatchuke. Ndabwera kuno chifukwa cha Linda. Iye anabadwira ku Hackney mu 1947, dzina lake lili Linda Pettifer, koma anakulira ku Glasgow. Atabwerera ku London ankaimba m'malo ngati ano pa dzina la Linda Peters, ndipo ndalama zodyera ankazipeza poimba tinyimbo totsatsa malonda. M'malo ngati ano ndi mmene anapalana ubwenzi ndi Sandy Denny, ndipo m'gulu la anzawo amenewo ndi mmene anadziwana ndi Richard. Mu 1972 onse anaimba m'chimbale cha *Rock On*, mmene oimba a folk-rock anabwereza nyimbo za rock and roll za ubwana wawo, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho awiriwa anakwatirana n'kuyamba kuzungulira m'timagulu ta nyimbo zamakolo tokumana m'zipinda zapamwamba pa mabala, ali ndi gitala imodzi ndi mawu awiri.

Zimandipweteka kuti nkhani zambiri zonena za banjali zimamutenga Linda ngati munthu amene anangoperekeza mwamuna waluso. N'zoona kuti pafupifupi nyimbo zonse analemba ndi Richard. Koma nyimbo yolembedwa papepala ili ngati ufa uli m'thumba, ndipo amene anaiphika kuti idyeke ndi Linda. Anali ataphunzira kwa oimba nyimbo zamakolo kuti woimba azibisala kumbuyo kwa nkhani, ndipo anaphunzira kwa oimba a country a ku America mmene liwu limodzi lingakokedwere pang'ono kuti libaye mtima. Akamaimba mawu owawa a mwamuna wake, sankawonjezerapo misozi, ndipo chifukwa cha zimenezo womvera ndiye amalira.

Kuchokera ku Troubadour ndayenda pansi mpaka ku Old Church Street ku Chelsea, ndipo ng'ombe ija ndaipeza. Ndi mutu wa ng'ombe wosemedwa, wotulukira pakhoma pamwamba pa nyumba ya njerwa, ukuyang'ana anthu odutsa mumsewu. Nyumbayi kale inali ya kampani yogulitsa mkaka, ndipo m'zaka za m'ma 1960 mbali ina inasandutsidwa situdiyo yotchedwa Sound Techniques, mmene John Wood ankagwira makina ndipo Joe Boyd, wa ku America, ankajambulitsa oimba ake monga Fairport Convention ndi Nick Drake. Ndajambula ng'ombeyo katatu pafoni kuti agogo aja akaione bwino, popeza maso awo ayamba kuchita khungu.

Muno ndi mmene mu Meyi 1973, pa masiku owerengeka ndi ndalama zochepa, Richard ndi Linda anajambula chimbale chawo choyamba, *I Want to See the Bright Lights Tonight*, chomwe ndi chija ndinachimva ndili ndi bulangete m'manja. Kampani ya Island inachisunga pafupifupi chaka chathunthu isanachitulutse mu 1974, ndipo chitatuluka sichinayende malonda. Ndaima pansi pa ng'ombeyo ndikuchimvera chonse m'makutu, ndipo chimene chandigwira mtima lero ndi kusankha kwawo kwa zida. Nthawi imene mabandi ambiri a ku Britain ankayesetsa kumveka ngati a ku America, iwo anaitana John Kirkpatrick ndi akodiyoni yake, anaikamo zitoliro zakale, ndipo m'nyimbo imene chimbalecho chinatengera dzina anaikamo bandi ya malipenga ya ku Manchester, ya mtundu uja wa mabandi a anthu ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'migodi ya kumpoto kwa England. Nyimboyo ndi ya munthu amene wagwira ntchito sabata yonse ndipo akufuna kupita m'tauni kukaona magetsi ndi kuwononga kandalama kake, ndipo aliyense amene anagwirapo mashifiti ataliatali m'dziko muno amaimva bwino. Anthu a m'chimbalechi ndi zidakwa, mtsikana wopemphapempha, mkazi wosowa womufunsira ndiponso munthu woyenda pachingwe m'mwamba. Muli ngakhale nyimbo imene Richard amaimbira khanda lili m'chikuta, kuliuza kuti kunja kuno kulibe chabwino chimene chikulidikira. Sindigwirizana naye pa mawu amenewo, koma ndikakumbukira msewu wa M1 ndimamvetsa kumene anachokera.

Lachinayi

Ndatsikira pa siteshoni ya Warwick Avenue ku Maida Vale, dera la nyumba zoyera ndi ngalande yodzaza ndi maboti. Kuno ndi kumene banjali linakhala litalowa Chisilamu cha m'ma 1974, m'gulu la Asufi lotsogozedwa ndi shehe wochokera ku Scotland, Ian Dallas, amene anatenga dzina la Abdalqadir. Ine ndinakulira pakati pa anansi a Chisilamu m'mphepete mwa nyanja, ndipo ndikukumbuka sikiri, amuna ataima mozungulira usiku, akupuma mwamphamvu ndi kubwereza dzina la Mulungu mpaka thupi lonse likugwedezeka. Gulu limene a Thompson analowa linali la njira ina, yochokera ku Morocco, koma mwambo wotchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza ndi womwewo.

Mu 1975 anatulutsa zimbale ziwiri, *Hokey Pokey* ndi *Pour Down Like Silver*. Pachikuto cha chachiwirichi Richard wavala nduwira, ndipo nyimbo zake zasintha. Zimamveka ngati za chikondi cha mwamuna ndi mkazi, koma wokondedwa amene akumulakalaka ndi Mulungu, monga mmene alakatuli akale a Chisufi ankalembera. Mwa zonse zimene Linda anaimba, "Dimming of the Day" ya m'chimbale chimenechi ndi imene ndimaikonda koposa, chifukwa amaiimba mofatsa ngati pemphero la munthu wotopa dzuwa likulowa, ndipo munthu wa chipembedzo chilichonse akhoza kuitenga kukhala yake.

Zitatero anasiya kujambula zimbale kwa zaka pafupifupi zitatu n'kusamukira kumudzi wa gulu lawo ku East Anglia. Linda wakhala akunena poyera kuti moyo wa kumeneko unali wowawa, makamaka kwa akazi, amene ankangokhalira kuphika ndi kulera. Richard adakali Msilamu mpaka pano, pamene Linda anazisiya. Atabwerera anatulutsa *First Light* mu 1978 ndi *Sunnyvista* mu 1979, koma makutu a achinyamata anali atatembenukira ku nyimbo zaphokoso za punk, ndipo kampani ya Chrysalis inawasiya. Madzulo ndayenda m'mbali mwa ngalande mpaka pamzikiti waukulu wa ku Regent's Park, ndipo ndafika anthu akuvula nsapato kulowa ku swala.

Lachisanu

Sitima yochokera ku Waterloo yandifikitsa ku Barnes, dera lachete la m'mphepete mwa mtsinje wa Thames lokhala ndi dziwe la abakha pakati. Pa Church Road pali nyumba ya Olympic, imene kwa zaka zambiri inali situdiyo yotchuka mmene anajambuliramo a Rolling Stones ndi Jimi Hendrix, koma inatsekedwa mu 2009 ndipo pano ndi malo oonetsera mafilimu. Ndagula tiyi n'kukhala pansi m'katimo.

Muno, mu Novembala 1981, banjali linajambula chimbale chake chomaliza, *Shoot Out the Lights*. Joe Boyd, amene anali atayambitsa kampani yake yaing'ono ya Hannibal, anawauza kuti ajambule mwachangu m'masiku ochepa kuti ndalama zotsala zikathandize pa ulendo wokaimba ku America. Linda anali woyembekezera ndipo kupuma kunkamuvuta, choncho Richard anaimba nyimbo zambiri kuposa kale. Chimbalecho chisanatuluke mu Malichi 1982, Richard anapita yekha ku America, anakondana ndi mkazi wina, ndipo banja linatha mwana wawo wachitatu, Kami, atangobadwa.

Kuyambira pamenepo anthu akhala akumvera chimbalechi ngati kaundula wa kutha kwa banja, chifukwa muli nyimbo za mwamuna wochoka pakhomo m'mamawa, za kuphwanya pangano la chikondi ndi za mkazi amene akuti akuyenda pawaya ndipo watsala pang'ono kugwa. Koma masiku sakugwirizana ndi maganizo amenewo. Nyimbo 6 mwa nyimbo 8 za m'chimbalechi anali atazijambula kale mu 1980 ku Chipping Norton mothandizidwa ndi Gerry Rafferty, ntchito imene Richard sanakhutire nayo ndipo sinatulutsidwe panthawiyo. Zinalembedwa ukwati udakalipo. Kuziwerenga ngati miseche ya pakhomo pawo n'kuchepetsa luso la anthu awiri amene kwa zaka 10 ankaimba za kusweka mtima kwa anthu ena, potsatira mwambo uja wa nyimbo za m'kabati ya Cecil Sharp.

Chimene chinachitika n'chakuti moyo unazipeza nyimbozo m'njira. Ulendo wa ku America unali utakonzedwa kale, ndipo mu Meyi 1982 Linda anasankha kupita, ngakhale kuti anali ndi khanda ndiponso mtima wosweka. Usiku uliwonse ankaima pafupi ndi mwamuna amene wamusiya n'kumaimba mawu amene mwamunayo analemba. Kwathu mkazi akakhala ndi chidandaulo amachiimba pamtondo, musi ukugunda, kuti apongozi, anansi ndi mwamuna yemwe amve popanda kumutchula dzina. Linda anachita chimodzimodzi pamaso pa anthu a m'mizinda ya ku America, kusiyana kwake n'kwakuti nyimbo yapamtondoyo anamupekera ndi wolakwa yemweyo. Iye mwini sabisa kuti paulendowo anali wolusa, ndipo amene anaonera amati sanaimbepo bwino chotero. Mu 1989 magazini ya Rolling Stone inaika chimbalechi pa nambala 9 mwa zimbale 100 zabwino koposa za m'zaka za m'ma 1980, kutchuka kumene kunafika gulu la anthu awiriwo litatha kale.

Richard anapitiriza yekha, mawu ake anakhwima, ndipo mu 2011 analandira mendulo yaulemu ya dziko la Britain yotchedwa OBE. Njira ya Linda inali yaminga. Atatulutsa *One Clear Moment* mu 1985, matenda a pakhosi otchedwa spasmodic dysphonia, amene amachititsa kuti minofu ya m'kholingo izikokana yokha munthu akafuna kutulutsa mawu, anamutsekereza kuimba kwa zaka 17. Pantchito yanga ndimaona anthu amene thupi lawakanira chinthu chimene ankachichita bwino koposa, ndipo ndimadziwa kuti n'zosapiririka. Iye anatembenukira ku kulemba, ndipo nyimbo imene analemba ndi Betsy Cook, "Telling Me Lies", inatchuka mu 1987 itaimbidwa ndi Dolly Parton, Linda Ronstadt ndi Emmylou Harris. Anabwereranso mu 2002 ndi chimbale cha *Fashionably Late*, mmene Richard anaimbamo gitala m'nyimbo imodzi, ndipo mu 2014 mwana wawo Teddy anasonkhanitsa makolo ake, abale ake ndi adzukulu m'chimbale chimodzi chotchedwa *Family*.

Loweruka

Ndili m'basi yobwerera ku Leicester, ndipo tangodutsa kumene pa London Gateway, ulendo uno tikulowera kumpoto. M'makutu ndikumvera *Proxy Music*, chimbale cha Linda cha mu 2024. Mawu ake sakumulolanso kuimba, choncho analemba nyimbo n'kupempha ena kuti amuimbire, kuphatikizapo ana ake Teddy ndi Kami, Rufus Wainwright, Eliza Carthy ndi a Proclaimers. Mkazi amene kwa zaka 10 ankapereka mawu ake ku nyimbo za mwamuna wake tsopano ndiye akulemba, ena n'kumamubwereka mawu awo, ndipo Kami akayamba kuimba ndimamva kufatsa kuja kwa mayi ake.

Chimbale chimenechi agogo aja alibe, chifukwa bokosi lawo limathera pa 1982. Lolemba ndikuyamba ntchito 7 koloko m'mawa, ndipo ndikamaliza kuwasambitsa ndi kuwapatsa phala ndidzawaonetsa zithunzi zitatu za ng'ombe ya ku Chelsea, kenako ndidzawaikira foni pafupi ndi khutu lawo lakumanja, limene limamva bwino.